Kodi nkhawa za mayi zimafika kwa mwana wobadwa masiku asanakwane?

Malume wa mwana:

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka inu a zachipatala amene mumatiunikira pa nkhani zotere. Mlongo wanga wachira mwana wamkazi mimba ili ndi masabata 31 okha, ndipo mwanayo anabadwa akulemera makilogalamu 1.4. Onse awiri adakali ku chipatala, ndipo mayi akumusunga mwanayo pachifuwa monga anamwino anamulangizira. Chimene chandibweretsa pano ndi mawu amene akuyenda kumudzi. Akuchimuna akunena kuti mwana wafulumira chifukwa mayi ake ankaganiza kwambiri ali woyembekezera, popeza nthawi imeneyo bambo wa m'nyumbamo ntchito inali itawathera, ndipo ena akuwonjezera kuti akapitiriza kulira m'wodimo, mkaka wake uwononga mwana. Ine monga mwini mbumba ndikuyenera kukayankha nkhaniyi, ndipo sindikufuna kukayankha mongotengeka mtima. Ndikupempha mundifotokozere ngati maganizo a mayi angafikedi m'thupi la mwana, ndiponso ngati kamwana kochepa chonchi kamamva mantha ndi ululu monga timamvera ife akuluakulu.

Mphunzitsi wa za kagwiridwe ntchito ka thupi:

Pepani amalume ndi zimene banja lanu likudutsamo. Njira yochokera ku maganizo kupita m'thupi ilipodi, ndipo ndi yodziwika bwino. Munthu akakhala ndi mantha kapena nkhawa, kachigawo ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni (kauthenga koyenda m'magazi) ya CRH, imene imadzutsa kachiwalo kena kotchedwa pituitary, ndipo kameneka kamatumiza uthenga m'magazi kupita ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, totchedwa adrenal, kuti titulutse cortisol. Cortisol amakweza shuga m'magazi, amachirikiza kuthamanga kwa magazi, komanso amachepetsa ukali wa chitetezo cha m'thupi, zonsezi n'cholinga choti munthu apirire nthawi yovutayo.

Mwa mayi woyembekezera muli chinanso chapadera. Nsengwa nayo imapanga CRH, ndipo pamene mu ubongo cortisol amatsitsa CRH, mu nsengwa amamuchulukitsa. M'chaka cha 1995 gulu la Roger Smith ku Newcastle, m'dziko la Australia, linasonyeza kuti amayi amene CRH wawo amakwera msanga mimba ili pakatikati ndi amene kawirikawiri amachira masiku asanakwane. Komabe nsengwa yomweyo ili ndi enzyme (mankhwala achibadwa a m'thupi) yotchedwa 11-beta-HSD2, imene imafooketsa cortisol wambiri wa mayi asanadutse kupita kwa mwana. N'chifukwa chake akafukufuku akamawerengera amayi ambirimbiri amapeza kuti nkhawa yaikulu ndi yokhalitsa imakwezadi chiopsezo chobereka msanga, koma imakweza pang'ono, ndipo amayi ambiri amene anakumana ndi zokhoma ali oyembekezera amafikitsa mimba zawo miyezi 9. Palibe dokotala amene angaloze mayi mmodzi n'kunena motsimikiza kuti maganizo ake ndiwo afulumizitsa mwana. Tisaiwalenso kuti nkhawa imene ikukambidwa m'kafukufukuyu ndi ya umphawi, ya nkhanza za m'banja, ya maliro ndi ya kutha kwa ntchito, zinthu zimene zimachita kumugwera munthu.

Mzamba wopuma pa ntchito:

Ndikugwirizana nawo a Mphunzitsi, ndipo ndiwonjezere zimene ife azamba timayamba kuziganizira mayi akabwera nsupa itasweka nthawi isanakwane. Timaganiza za malungo, amene tizilombo take timadzazana mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kutentha thupi. Timaganiza za matenda a m'njira ya mkodzo ndi a m'njira yoberekera, za chindoko, za kuthamanga kwambiri kwa magazi, za kuchepa kwa magazi, za mapasa, za mtsikana wotenga mimba thupi lisanakhwime, ndiponso za mimba zogundana. Lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la m'chaka cha 2012 linaika dziko la Malawi pamwamba penipeni, ndi ana 18 mwa ana 100 alionse obadwa masabata 37 asanakwane. Kodi tinganene kuti amayi a kuno amaganiza kwambiri kuposa amayi a dziko lonse lapansi? Chimene chatichulukira kuno ndi malungo, matenda osalandira mankhwala pa nthawi yake ndi zakudya zosakwanira.

Kale mwana akafulumira kapena akamawonda, anthu ankathamangira kunena za tsempho, ndipo mlandu unkagwera mmodzi wa makolo. Lero anthu amva za maganizo pa wailesi, ndiye mlandu womwe uja wangosintha dzina n'kugwera mayi. Zimandipweteka, chifukwa mayi ameneyu ndi amene tikumudalira kuti afunditse mwana ndi thupi lake usana ndi usiku, ndipo sitingamusenzetse mlandu n'kuyembekezera kuti achite bwino ntchito yovuta chonchi.

Wophunzira za unamwino:

Zikomo akuluakulu. Ine ndikufuna kumvetsa mbali ya mwanayo. Kusukulu timaphunzira ubongo pawokha, mahomoni pawokha ndi chitetezo cha m'thupi pachokha, ndipo tikafika pa mwana wosakwana masiku timalimbikira kwambiri za mapapo ndi kuzizidwa. Kodi mwa mwana wobadwa pa masabata 31, n'chiyani kwenikweni chimene chimakhala chisanamalizike pa zinthu zinazi, ndipo zimakhudzana bwanji?

Dokotala wa ana:

Funso labwino achemwali, ndipo ndiyambira pa chitetezo. Asilikali a m'magazi otchedwa IgG, amene mwana amalandira kuchokera kwa mayi kudzera mu nsengwa, ambiri a iwo amadutsa m'miyezi itatu yomaliza. Pakati pa masabata 28 ndi 32 mwana amakhala ndi pafupifupi theka la amene mayi ali nawo, pamene wobadwa masiku atakwana amakhala nawo ofanana ndi a mayi kapena kuposerapo. Khungu la mwana wofulumira ndi lopyapyala, lotaya madzi ndi kutentha, ndiponso losavuta kuti tizilombo tilowerepo. Matumbo ake nawonso sanalimbe, moti mabakiteriya amatha kubowola khoma lake n'kulowa m'magazi.

Ubongo umakhala uli pa nthawi imene ukukula mofulumira kwambiri. Pa masabata 34 umalemera pafupifupi magawo 65 mwa magawo 100 a kulemera kwake kwa pa masabata 40, ndiye mutha kuona kuti wa masabata 31 ukadali ndi ulendo. Maselo amene amadzapanga mafuta okuta minyewa ya ubongo kuti uthenga uziyenda msanga amakhala anthete kwambiri pakati pa masabata 23 ndi 32, ndipo Joseph Volpe wa ku Boston, amene wafufuza za ubongo wa makanda kwa zaka zambiri, anasonyeza kuti maselo amenewa amavulala msanga mpweya ukachepa kapena m'thupi mukakhala kutukusira. Apa ndi pamene chitetezo ndi ubongo zimakumanirana. Tizilombo tikalowa m'thumba la madzi mwana asanabadwe, kapena m'magazi ndi m'matumbo atabadwa, thupi limatulutsa timauthenga ta nkhondo totchedwa cytokine, monga IL-6 ndi TNF. Timauthenga timeneti timadzutsa asilikali a mu ubongo otchedwa microglia, ndipo asilikaliwa akakwiya mopitirira muyeso amavulaza maselo anthete aja. Motero mwana angathe kudwala m'mimba koma chilema n'kukaonekera m'kayendedwe kapena m'kaphunziridwe patapita zaka, ngakhale kuti kachilombo sikanafike n'komwe ku ubongo.

Chimene chimayenera kuletsa mkwiyo umenewu ndi mahomoni ndi minyewa, koma nazonso zimakhala zosakhwima. Ma adrenal a ana ang'onoang'ono kwambiri, makamaka osakwana masabata 28, nthawi zina amalephera kutulutsa cortisol wokwanira mwana akadwala, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsika. Mtsempha waukulu wonyamula uthenga wotchedwa vagus, umene umachokera pansi pa ubongo n'kukafika ku mtima, mapapo ndi matumbo, ndipo ndi umene umakhazika thupi pansi, mphamvu zake zimakhwima makamaka m'miyezi itatu yomaliza yomweyo. Ndi chifukwa chake ana amenewa amaiwala kupuma, mtima umatsika mwadzidzidzi, ndipo kuyamwa, kumeza ndi kupuma sizigwirizana bwino kufikira cha m'masabata 32 mpaka 34.

Namwino wa ku nasale:

Ine ndili ku nasale, chipinda cha m'chipatala chosamaliramo makanda odwala. Amalume anafunsa ngati kamwana kotere kamamva. Kamamva ndithu, koma kamanena m'njira imene munthu wosazolowera sangaione, chifukwa nthawi zambiri kalibe mphamvu zolira. Chivindikiro cha chitsulo chikagwa pansi, kapena foni ikalira pafupi ndi mutu wake, mwana amatambasula tizala tonse, amakwinya pachipumi, amaumitsa timiyendo, khungu limachita mawangamawanga, ndipo manambala a mpweya pa makina amayamba kutsika inu mukuona. Wina amangoyasamula motsatizana n'kutembenuzira nkhope kumbali, ndipo kumeneko ndi kutiuza kuti zamukwana. Mwana yemweyo mukamuika pakati pa mabere a amayi ake, atavala thewera ndi kachipewa basi, timiyendo titapindika, n'kumumanga bwino ndi chitenje, pakapita mphindi zochepa tizala tija timafumbata, kupuma kumakhala kwa ndondomeko, ndipo amagona tulo teniteni.

Chimene anthu akunja sachidziwa ndi kuchuluka kwa zopweteka zimene mwana wodwala amakumana nazo: kubayidwa chidendene poyeza shuga, kufunafuna mtsempha woikapo kanula, kumatula pulasitala pa khungu lopyapyala, kulowetsa kapaipi m'mphuno. Kafukufuku wa m'zipatala za mu Paris ndi madera ozungulira, amene anatuluka m'chaka cha 2008, anawerengera makanda 430 ndipo anapeza kuti mwana aliyense ankachitidwa zopweteka pafupifupi 10 patsiku, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse zinkachitika popanda chochepetsa ululu choperekedwa mwapadera. Zambiri mwa zimenezi sitingazileke chifukwa ndi zimene zimapulumutsa moyo, koma kachitidwe kake tingakasinthe. Timayesetsa kubaya chidendene mwana ali pachifuwa pa mayi, kumudonthezera mkaka wa m'mawere pa lilime tisanayambe, kumugwira ndi manja ofunda atapinda timanja ndi timiyendo, ndiponso kuphatikiza ntchito zingapo nthawi imodzi kuti akagona tisamudzutsedzutse. Ndiwonjezere kuti ana ang'ono kwambiri sakonda kusisitidwa mopepuka ndi nsonga za zala monga achibale amachitira akabwera kudzazonda. Amakhazikika bwino dzanja likangoikidwa pamutu kapena pamsana n'kukhala duu.

Mphunzitsi wa za kagwiridwe ntchito ka thupi:

Zimene a Namwino akufotokozazi zinatenga nthawi kuti madokotala azivomereze. Kufikira m'zaka za m'ma 1980, makanda ambiri ankachitidwa opaleshoni ndi mankhwala ochepa kwambiri opha ululu, poganiza kuti minyewa yawo sinafike pomva kupweteka. M'chaka cha 1987 Kanwaljeet Anand ndi anzake ku Oxford anasonyeza kuti ana osakwana masiku amene anachitidwa opaleshoni popanda mankhwala amphamvu opha ululu ankatulutsa mahomoni a mantha ochuluka zedi ndipo ankakumana ndi zovuta zambiri pambuyo pake kusiyana ndi amene anapatsidwa mankhwalawo. Pambuyo pake Ruth Grunau ku Vancouver anatsatira ana obadwa msanga kwambiri mpaka atayamba sukulu, ndipo anapeza kuti amene anabayidwa kambirimbiri ali ku nasale anali ndi katulutsidwe ka cortisol kosiyana ndi ka anzawo, ndipo mbali zina za ubongo wawo zinali zopyapyalako, ngakhale atachotsapo kukula kwa matenda amene mwana aliyense anadwala. Tanthauzo lake n'lakuti m'masabata amenewa thupi likuphunzira kuchuluka kwa mantha amene liyenera kuyembekezera pa dziko.

Kuti minyewa imalamuliranso chitetezo zinadziwika kudzera mu nyama. M'chaka cha 1975 Robert Ader ndi Nicholas Cohen ku Rochester anapatsa makoswe madzi otsekemera limodzi ndi mankhwala ofooketsa chitetezo, ndipo pambuyo pake madzi otsekemerawo pawokha ankafooketsa chitetezo cha makoswewo. M'chaka cha 2000 gulu la Kevin Tracey ku New York linasonyeza kuti kudzutsa mtsempha wa vagus kumatsitsa TNF m'thupi. Mwa makanda muli umboni wina wochititsa chidwi. Mtima wa mwana wathanzi sugunda mofanana ndendende nthawi zonse, umathamangako ndi kutsikako pang'ono, ndipo kusinthasintha kumeneku ndi ntchito ya minyewa. Mwana akayamba kudwala matenda a m'magazi, kusinthasinthako kumazilala maola angapo iye asanaoneke wodwala. Pa kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 2011, wa ana 3,003 olemera mosakwana makilogalamu 1.5, kungowaonetsa madokotala chizindikiro chimenechi pa makina kunatsitsa imfa kuchoka pa 10.2 kufika pa 8.1 mwa ana 100 alionse.

Mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi:

Ndikamamva zimenezi ndikulimba mtima, chifukwa ife kumudzi tilibe makina. Ngati chifuwa cha mayi chikukhazika pansi minyewa, mahomoni ndi chitetezo pa nthawi imodzi, kodi sitingawalangize amayi okhala kutali ndi chipatala kuti mwana akabadwa wochepa angomufungatira kunyumba m'malo movutika ndi ulendo? Amayi ambiri amaopa nasale, ndipo amanena kuti kumeneko n'kumene mwana amabayidwa kwambiri monga mwanenera.

Dokotala wa ana:

Ayi bambo, pamenepa ndikukanitsitsa, ndipo chonde uthenga umenewu usafike kumudzi m'njira imeneyo. Njira ya kangaru, yosunga mwana pachifuwa khungu likukhudzana ndi khungu, inayambira m'chipatala, ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, pamene Edgar Rey Sanabria anaona kuti mabokosi otenthetsera ana sakukwana ndipo ana akupatsirana matenda. Kuno kwathu inakhazikika pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Umboni wamphamvu kwambiri unatuluka m'chaka cha 2021 pa kafukufuku wa WHO amene anachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo kuno anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ana 3,211 olemera kuyambira kilogalamu 1 mpaka kuchepera pang'ono makilogalamu 1.8 anagawidwa pawiri. Ena anaikidwa pachifuwa atangobadwa, pafupifupi maola 17 patsiku, ndipo ena anadikira kaye kuti akhazikike monga zinkachitikira kale. Pofika masiku 28, mwa oyambawo anamwalira 12 pa 100 alionse, pamene mwa enawo anamwalira 15.7, ndipo amene anaganiziridwa kuti ali ndi matenda a m'magazi analinso ochepa mwa oyambawo. Chaka chotsatira WHO inasintha malangizo ake kuti kangaru aziyamba nthawi yomweyo.

Koma taonani kumene anawo anali. Anali m'chipinda cha ana odwala kwambiri, bedi la mayi litalowetsedwa momwemo, ndipo mwana ali pachifuwapo ankalandira mpweya, diripi, mankhwala opha mabakiteriya ndi makina othandiza kupuma pamene zinafunika. Chimene chinachotsedwa ndi kulekanitsa mayi ndi mwana, osati mankhwala. Mwana amene mapapo ake akusowa mafuta otsegula timatumba ta mpweya sangachire ndi kufunda kokha, ndipo wa matenda a m'magazi angathe kumwalira usiku umodzi. Uphungu woyenera ndi wakuti mwana aikidwe pachifuwa nthawi yomweyo, avekedwe chipewa, amangidwe bwino, ndipo ulendo wa ku chipatala uyambike ali pachifuwa pomwepo.

Mayi wa mapasa:

Ndalimba mtima kuti ndilankhulepo chifukwa ndinadutsamo ndi ana anga awiri, amene lero ali pa sukulu. Zimene zikunenedwa zokhudza mlongo wanu amalume zandikhudza. Ndili m'wodi, nthawi yokama mkaka inali yowawa kuposa bala. Ndinkakhala ndi kapu m'manja, anzanga pambali akudzaza makapu awo, ine n'kumangoona timadontho tosakwana n'komwe kunyowetsa pansi pa kapu, ndipo ndikaganiza kuti ana anga akudikira timadontho timeneti, mabere ankachita kuuma gwa. Namwino wina wachikulire anandichotsa pagulupo, anandiika mwana mmodzi pachifuwa, anandifunditsa nsalu yofunda kumsana, n'kundiuza kuti ndizingomuyang'ana mwanayo ndisaganize za kapu. Mkaka unayamba kudontha wokha mbali inayo.

Chimene ndikufuna achibale amve ndi kulemera kwa ntchito imeneyi. Umagona chotsamira, msana umaphwanya, maola awiri alionse uyenera kukama ndi kumwetsa, ndipo ukangotseka maso umadzidzimuka poopa kuti mwana waleka kupuma. Mutu umodzi susenza denga. Amayi anga ankandilandira mwana mmodzi kuti ndikasambe ndi kugonako, ndipo bambo a anawo, amene poyamba ankachita manyazi kuvula malaya pamaso pa anthu, anazolowera mpaka ankachita kulimbirana nawo. Kulira ndinkalira ndithu, ndipo chimene chinkandithandiza sichinali kundiletsa kulira, koma phala lotentha ndi munthu wondilandira.

Mzamba wopuma pa ntchito:

Mwafotokoza bwino mwana wanga, ndipo zimene zinakuchitikiranizo zili ndi chifukwa chake. Mkaka umapangidwa ndi homoni ya prolactin, koma kuti utuluke pamafunika ina yotchedwa oxytocin, imene imafinya timatumba ta mkaka m'bere. Oxytocin amatuluka mayi akamva fungo la mwana, akamukhudza kapena akamuona, ndipo mantha ndi ululu zimamutsekereza kwa kanthawi. Choncho nkhawa ingathe kugwira mkaka kuti usatsike, koma siusandutsa woipa. Cortisol wochepa amapezeka mu mkaka wa mayi aliyense, wolira ndi wosalira yemwe, ndipo palibe chifukwa chomulandira mwana bere chifukwa cha misozi ya amayi ake.

Choopsa chenicheni ndi chakuti mawu amenewa akamulowa mayi, angaleke kukama n'kuyamba mkaka wa m'chitini. M'chaka cha 1990 Alan Lucas ndi Tim Cole ku England anafalitsa zotsatira za ana 926 osakwana masiku, ndipo matenda oopsa owoletsa matumbo anapezeka kuwirikiza ka 6 mpaka ka 10 mwa ana omwa mkaka wa m'chitini wokha kusiyana ndi omwa wa m'mawere wokha. Mkaka woyamba wachikasu uja uli ndi asilikali otchedwa IgA amene amamata khoma la matumbo, uli ndi lactoferrin amene amalanda mabakiteriya chitsulo chimene amakulira, komanso uli ndi shuga wapadera amene amadyetsa mabakiteriya abwino. Chinanso n'chakuti mayi akamakhala m'wodi momwemo ndi mwana, thupi lake limakumana ndi tizilombo ta pamalopo n'kupanga asilikali olimbana nato, ndipo asilikaliwo amapita mu mkaka. Mayi wokhala pafupi ndi mwana wake amapanga mkaka woyenerana ndi malo amene mwanayo ali.

Wophunzira za unamwino:

A Dokotala, pali chimene chikundizunguza. Ngati cortisol wochuluka ali wovulaza kwa mwana, n'chifukwa chiyani timabaya dexamethasone amayi amene matenda awayamba masiku asanakwane, pamene mankhwalawa ali a mtundu womwewo?

Dokotala wa ana:

Chifukwa cortisol si mdani, achemwali. Chofunika ndi nthawi yake, mlingo wake ndi kutalika kwake. Masabata omaliza a mimba, cortisol wa mwana amakwera mwachibadwa, ndipo ndi amene amakhwimitsa mapapo, matumbo ndi chiwindi pokonzekera moyo wa kunja. Graham Liggins ku Auckland anazindikira zimenezi pa ana a nkhosa, ndipo m'chaka cha 1972 iye ndi Ross Howie anasonyeza kuti kubaya mayi mankhwala a mtundu umenewu kumachepetsa vuto la kupuma mwa ana ofulumira. Jekeseni zinayi za dexamethasone zotalikirana maola 12 zimapatsa mwana mwachidule chimene akanadzipangira yekha akanafikitsa masiku, ndipo zimenezi n'zosiyana ndi kukhala pa mantha ndi ululu kwa masabata ambiri.

Komabe mankhwalawa amafooketsa chitetezo, ndipo tili ndi phunziro lowawa. Pa kafukufuku amene anatuluka m'chaka cha 2015, wochitikira ku Argentina, Guatemala, India, Kenya, Pakistan ndi Zambia, mankhwalawa anaperekedwa mofala ngakhale m'zipatala zazing'ono kumene msinkhu wa mimba sunkadziwika bwino. Amayi ambiri amene anabayidwa anadzachira masiku atakwana, matenda a amayi anawonjezeka, ndipo imfa za makanda zinakwera m'malo motsika. Kafukufuku wina wa WHO wa m'chaka cha 2020 anawapereka m'zipatala zimene zinkayeza mimba ndi makina ounikira komanso zinali ndi chisamaliro cha makanda, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 23.5 kufika pa 19.6 mwa ana 100 alionse. N'chifukwa chake timaonetsetsa kaye kuti mimba ili pakati pa masabata 24 ndi 34, kuti mwana akubweradi m'masiku ochepa, ndiponso kuti mayi alibe zizindikiro za matenda a m'chiberekero.

Malume wa mwana:

Ndathokoza nonse, ndipo ndapeza zokawauza akuchimuna. Ndatsala ndi funso la m'tsogolo. Kodi zimene mwana akudutsamo panopa zidzamutsatira moyo wake wonse, nanga akatuluka m'chipatala ife achibale tiziyang'ana chiyani?

Mphunzitsi wa za kagwiridwe ntchito ka thupi:

Ana obadwa msanga ali ndi chiopsezo chokulirapo cha mavuto a kuphunzira, kusakhazikika m'kalasi ndi nkhawa, ndipo chiopsezocho chimakula mwana akabadwa wochepa kwambiri, koma ana ambiri obadwa cha m'masabata 31 amakula n'kumayenda, kulankhula ndi kupita ku sukulu. Ubongo umene umavulala msanga ndi womwewonso umene umalandira msanga chisamaliro chabwino. Ruth Feldman ku Israel anatsatira ana 73 amene anaikidwa pachifuwa ola limodzi patsiku kwa masiku 14, n'kuwayerekeza ndi ena 73 ofanana nawo amene sanaikidwe. Pofika zaka 10, oyambawo ankagona bwino, cortisol wawo sankalumpha kwambiri akapanikizidwa, ndipo mtsempha wa vagus unkagwira bwino ntchito. Amayi awo nawonso anali ndi nkhawa yocheperapo m'miyezi yoyambirira, ndipo ine ndikuona kuti mbali ya phindulo inadzera pamenepo, chifukwa mayi wokhazikika mtima amaona msanga zimene mwana akufuna. Ku Bogotá, Nathalie Charpak anapezanso ana a kafukufuku wake patapita zaka 20, ndipo a kangaru anali osajomba kwambiri ku sukulu komanso ochepa ukali poyerekeza ndi anzawo.

Namwino wa ku nasale:

Kunyumba kangaru apitirire, ndipo mukonzeretu anthu awiri kapena atatu osinthana ndi mayi, athanzi, osakhosomola, osamba m'manja ndi sopo asanamugwire mwana. Obwera kudzaona mwana amuone ali pachifuwa, asamupatsirane m'manja, ndipo utsi wa nkhuni ndi wa fodya ukhale kutali. Mwana akaleka kuyamwa, akazizira kapena kutentha thupi, akamapuma mothamanga kapena modukiza, akachita chikasu, akatupa mimba, akakomoka kapena akangofooka, mupite naye ku chipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku, chifukwa mwa ana amenewa matenda aakulu kawirikawiri amayamba popanda kutentha thupi. Muziyang'ananso mayi. Akapitirira masabata awiri ali wachisoni tsiku lililonse, osagona ngakhale mwana atagona, osafuna kudya, kapena akumanena zodzipweteka, amenewo ndi matenda ofunika thandizo la kuchipatala, ndipo mumuperekeze.

Pa masiku a sikelo pali mawerengedwe awiri amene amasokoneza makolo. Katemera amatsata tsiku limene mwana anabadwa, choncho wa pa masabata 6, 10 ndi 14 asachedwetsedwe ponena kuti mwana ndi wochepa, popeza iyeyu ndi amene analandira asilikali ochepa kuchokera kwa mayi. Koma kumwetulira, kukhala pansi, kukwawa ndi kuyenda muziwerenga mutachotsapo masabata 9 amene anafulumira, mpaka atakwanitsa zaka ziwiri. Akafika miyezi 8, muziyembekezera zimene amachita mwana wa miyezi 6, ndipo akachedwa kupitirira pamenepo, muwauze a ku sikelo kuti amutumize kukayezedwa maso, makutu ndi kayendedwe ka ziwalo.